Mbuzi ya a Najere ndi Zenera Lotsekedwa

Senderani pafupi, ana inu, mumve za Fatsani wa ku Ntcheu, munthu amene Mulungu anamupatsa diso la zokongola koma n'kumumana kudekha.

Fatsani ndi mlongo wake wamng'ono, Sungeni, ankachita lendi kachipinda pa boma, ndipo ntchito yawo inali yopanga masamba a pa intaneti. Pa ntchitoyo panali mwambo umodzi umene Sungeni sankalola kuti uphwanyidwe. Pa sikirini ya laputopu yawo pankakhala mazenera awiri otsegula nthawi zonse. Kumanzere kunali seva yoyeserera, imene inkaonetsa tsamba monga momwe lidzaonekere pa foni ya munthu. Ukangosintha kanthu, tsambalo linkasinthanso pompo iwe ukuona. Kumanja kunali mayeso. Amenewa anali mafunso amene Sungeni ankalemberatu, ndipo kompyuta inkalifunsa tsambalo mafunsowo payokha nthawi iliyonse munthu akasintha chinthu. Tsamba likayankha bwino, mizere inkatuluka yobiriwira. Likaphonya, inkafiira.

Fatsani ankakonda zenera la kumanzere. La kumanja ankalitcha apongozi, ati chifukwa linkangoona zolakwa zokhazokha.

Chaka chimenecho kalabu ya alimi a ziweto ya kumudzi kwawo inawapempha tsamba lothandiza pomwetsa ziweto mankhwala a njoka za m'mimba. Alangizi a ziweto ankakhala kutali, ndiye anthu ankangomwetsa mongoyerekeza. Tsambalo linayenera kukhala losavuta: mlimi adine chithunzi cha chiweto chake, anene ngati n'chachikulu kapena chaching'ono, basi foni imuuze muyezo wa mankhwala. Miyezo yonse inachokera kwa alangizi, ndipo Sungeni anailemba m'mayeso aja kuti tsamba lisadzanamize munthu.

Mu kalabumo munalinso mayi awo, a Najere. Iwo anali ndi mbuzi imodzi yokha ya mkaka, yoyera, imene analandira pa dongosolo lopatsirana, ndipo inali ndi bere. Pa dongosololi mwana woyamba sakhala wako, amapita kwa mnzako wotsatira. Wotsatira anali a Nambewe, mayi wamasiye wolera zidzukulu. M'mawa uliwonse a Nambewe ankadzera kwa a Najere ngati akudzapereka moni, chonsecho maso ali pa mimba ya mbuzi.

Ntchito itatsala pang'ono kutha, Sungeni anaitanidwa ku chinkhoswe cha mnzake ku Balaka. Ali pakhomo ndi chikwama chake, anatembenuka.

"Achimwene, kongoletsani mmene mungafunire, koma zenera la kumanja musalitseke."

"Iwe pita ukavine," anatero Fatsani. "Kodi ntchitoyi ndayamba lero?"

Laputopu yawo inali yokalamba. Mazenera onse awiri akamagwira ntchito inkatentha n'kumalira ngati chigayo, ndipo tsamba linkachedwa kusintha. Fatsani anapirira mpaka dzuwa litafika paliwombo, kenaka anati, "Apongozi, kapumeni kaye," n'kutseka mayeso aja. Pomwepo laputopu inapepuka, nayenso mtima unapepuka.

Kunena zoona, mwana wa a Najere ankaidziwa ntchito yake. Anasankha mitundu yoziziritsa maso, anakulitsa zilembo kuti ngakhale nkhalamba iwerenge popanda magalasi, anajambula ziweto zooneka ngati zipuma. Atayang'anitsitsa, anaona kuti ng'ombe ndiyo inali poyamba, mbuzi pambuyo. Zimenezi sizinamusangalatse. Kwawo anthu ambiri amaweta mbuzi, nanga ng'ombe itsogole chifukwa chiyani? Anazisinthanitsa malo.

Chimene sanachidziwe n'chakuti mkati mwa pulogalamuyo miyezo inkatsata malo, osati chithunzi. Malo oyamba anali a muyezo wa ng'ombe, kaya pakhale chithunzi cha chiyani.

Anayesa ndi maso ake pa zenera la kumanzere. Anadina mbuzi, anadina yaikulu, nambala inatuluka yooneka bwino, yonenepa, pakatikati penipeni. Fatsani anali asanamwetsepo mbuzi chibadwire, ndiye kwa iye nambala inali nambala basi. Anadziomba pachifuwa. Anali atagwirizana ndi Sungeni kuti tsambalo lidzapita kwa alimi iyeyo akabwera, koma chinthu chokoma chimavuta kuchisunga wekha. Analiika pa intaneti, n'kutumiza kwa munthu mmodzi yekha ndi mawu akuti, "Amayi, inu mukhale oyamba kuona ntchito ya mwana wanu."

M'mawa mwake Sungeni anafika mawu atasasa ndi kuimba. Ataona tsambalo anaomba m'manja.

"Eee, achimwene, apa ndiye mwagwira ntchito! Koma mayeso ali kuti?"

"Amachedwetsa zinthu. Ndayesa ndekha, zonse zili bwinobwino."

Sungeni anatsegula zenera lija, laputopu inayamba kulira, ndipo posakhalitsa mizere inatsika yofiira. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono.

"Mbuzi yaikulu ikulandira muyezo wa ng'ombe yaikulu. Mwayi wake palibe amene walitsegula tsambali."

Fatsani anadzambatuka n'kutola foni yake.

"Ndinatumizira amayi dzulo."

Anaimba foni, inangoitana osayankhidwa. Anaimbanso, chimodzimodzi. Sungeni anachotsa tsambalo pa intaneti, onse awiri n'kuthamangira pa siteji kukakwera njinga zamoto. Njira yonse Fatsani ankadzilimbitsa mtima kuti amayi sachita zinthu mothamanga, mwina mankhwalawo sanagule n'komwe.

Anawapeza atagwada kuseri kwa nyumba. Mbuzi inali gone pansi, ikunjenjemera, thovu lili kukamwa. Botolo la mankhwala linali pambali, litatsala pang'ono kutha.

"Amayi, mwaimwetsa wochuluka bwanji?" anafunsa Sungeni.

"Monga inanenera foni," anayankha a Najere. "Ndinadabwa ndithu kuti sirinji ndikungodzaza, ndikungodzaza. Koma ndinati mwana wanga anapita kusukulu, sangandinamize."

Mawu amenewo anamulasa Fatsani kuposa kutukwanidwa. Anakwereranso njinga yamoto kukatenga alangizi, ndipo alangiziwo anachita zonse zimene akanatha. Mbuzi inapulumuka. Koma tsiku lotsatira, dzuwa likupendeka, inataya bere. Kanali kamwana kakakazi, koyera ngati make.

A Nambewe anabwera atamva. Anaima n'kukayang'ana kamwanako nthawi yaitali. Fatsani anagwada pamaso pawo.

"Amayi, wolakwa ndine. Musawadandaule amayi angawa."

"Dzuka, mwanawe, zinachitika basi," anatero a Nambewe. "Kungoti ana kunyumbaku ndinali nditawauza kale kuti chaka chamawa adzamwa mkaka."

Atatero anamanga chitenje chawo bwinobwino n'kumapita. Akanakalipa, mwina zikanamupepukira Fatsani, koma sanakalipe.

A Najere anakakhala pansi pa mkuyu umene unali m'mbali mwa bwalo, ana awo n'kukhala nawo pomwepo. Patapita nthawi mayiwo anapempha kuti aonenso tsamba lija. Sungeni anawaonetsa chithunzi chake pa foni. A Najere anachiyang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Koma ndi lokongola, Fatsani. Ngakhale lero ndikuliona kukongola."

Kenaka anatola nkhuyu imene inagwa pafupi ndi phazi lawo, yakupsa bwino, yofiirira, yosalala. Anaing'amba pakati ndi zala, n'kumuonetsa Fatsani. Mkatimo munali nyerere zokhazokha, zili piringupiringu.

"Chikomekome cha nkhuyu," anatero, "mkati muli nyerere."

Anthu ena adzakuuzani kuti mwambi umenewu ndi wakale kuposa makompyuta. Ine sindilimbana nawo, koma kwathu timati unabadwa tsiku limenelo, pakamwa pa a Najere. Tanthauzo lake ndi ili: maso amaona khungu lokha, ndipo chinthu chikhoza kukoma kunja pamene mkati mwaonongeka. Mwambiwu sukunyoza kukongola ayi, pakuti nkhuyu yosaoneka bwino palibe amaitola. Ukungoti usakhulupirire chinthu chifukwa choti chakukomera m'maso. N'chifukwa chake opanga masamba odziwa ntchito amatsegula mazenera onse awiri limodzi, lina loonera kunja, lina lofunsira zamkati, ngakhale laputopu itenthe bwanji. Inunso, kaya mudzapanga masamba, kaya mudzasoka malaya, kaya mudzamanga nyumba, kumbukirani kuti nyerere sizichita phokoso. Nkhuyu muziyamba mwaing'amba nokha, isanafike pakamwa pa munthu amene amakukhulupirirani.