Tsiku Limene Nguluwe Anakhalira Achali

Amayi, tinakuikani Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo. Ndinayang'ana nkhope za anthu, ndipo amene ndinkawafuna sindinawaone. A Gelesomu sanabwere. A Nasibeko, amene ankatumiza botolo lopanda kanthu inu n'kumalidzaza, sanabwere. Alamu anu akuti njinga inaphwa tayala. Nanga a... iyayi, ndileke. Ndikapitiriza mundidzudzula komwe muliko, pakuti ena ali pompano, abwera lero atamva kuti tikugawa ziwiya.

Ana inu, senderani pamthunzi. Akuluakulu musachoke, mphasa ilipo. Ndikayamba muzivomera.

Kalekale, nyama zikadalima madimba, padali Sakhwi ndi amake. Sakhwi mumamudziwa, kanyama konga mbewa, kamphuno kakatali, kamiyendo kosadziwa kuima.

Amake Sakhwi anali ndi dimba la nkhaka m'mbali mwa khwawa, ndipo ankapanga achali wa nkhaka. Ankazidula mopyapyala, tswe tswe tswe. Ankathira mchere n'kutsindira ndi mwala masiku atatu kuti madzi achoke. Kenako anyezi, mandimu, tsabola wa kambuzi muwiri basi, mafuta pamwamba, n'kumata mumtsuko. Achali ameneyo ankadyera mbatata yootcha. Nyemba zikakana kukoma, supuni imodzi zakoma. Wodwala akakana chakudya, ankamunyambititsa pang'ono, kukhosi n'kutseguka.

"Sakhwi, bwera udzaone mmene ndimachitira."

"Ndikubwera, amayi!" Fwiii, wapita.

Mawa lake, "Sakhwi, bwera udzaone."

"Ndikubwera, amayi!" Fwiii, wapita.

Anabweradi, koma anabwera amake atatseka maso. Kumanda anapita anthu owerengeka ngati zala za dzanja limodzi. Pobwerako Sakhwi anapeza kuseri kwa chitseko mtsuko umodzi womata, womaliza kupangidwa ndi manja a amake. Sanautsegule. Ankangoika mphuno pachivindikiro n'kumanunkhiza, mtima uli phuliphuli ndi mkwiyo.

Tsiku lachinayi kunamveka kulira kumsewu.

"Mayo ine! Mlongo wanga iwe! Wandisiya ndi yani!" Fwe fwe fwe, kununkhiza. "Mayo ine!" Fwe fwe fwe.

Anali Nguluwe, chimimba chikugwedera uku ndi uku, m'maso muli gwa, mopanda msozi ngakhale umodzi.

"Mphwanga," anatero Nguluwe, "pepa. Ine ndine malume ako."

"Malume? Amayi sananene kuti ali ndi mlongo."

"Taona mphuno yako, uone yanga. Zazitali zonse. Magazi sanama, mwana iwe."

"Nanga kumanda munali kuti, malume?"

"Mwendo, mphwanga, mwendo. Unatupa ngati dzungu."

"Uti?"

Nguluwe anayang'ana miyendo yake inayi, nasowa woti aloze. "Usandifunse ngati pabwalo la milandu. Katundu wa mlongo wanga ndimagawa ndine. Mphasa tenga, khasu tenga. Ine wachisoni ndingotenga kamtsuko kali kuseri kwa chitsekoko."

Sakhwi anayeza ndi maso. Mano a Nguluwe anali aatali kuposa iye yense. Kukana kunali kufa, kupereka kunali kuikanso amake kachiwiri. Anagwada.

"Malume, mwanena zoona. Koma kamtsuko kameneko kwa inu ndi kutsuka mkamwa chabe. Anthu adzati chiyani, kuti mwini mbumba anachoka pamaliro ndi kanthu kolowa m'khutu? Dimba lonse lilipo. Tipange achali wodzaza mtondo waukulu uja, wosinjamo anthu anayi. Ameneyo ndiye wa msinkhu wanu. Kamtsukoko mudzatengera limodzi potsiriza."

Nguluwe anamwetulira mpaka dovu linagwa. "Mwana uyu ali ndi nzeru za kwathu."

Sakhwi anathamangira kudimba. Thyo, thyo, thyo, nkhaka zanthete. Anadula, nathira mchere, koma mtondo unangofika pakati.

"Ndizo zonse?" anafunsa Nguluwe. "Ngati zili choncho bweretsa kamtsuko kaja ndizipita."

"Zilipo zina, malume!"

Fwiii, kudimba. Kumapeto kwa mzere kunali nkhaka zikuluzikulu zachikasu, zokhwima, iliyonse yomangidwa kaluzi pamkhosi. Sakhwi anaganiza kuti amake anaziiwala chifukwa cha matenda. Thyo, thyo, thyo, sanasiye ngakhale imodzi. Mtondo unadzaza. Pamene amake ankathira kambuzi muwiri, iye anasinja dengu lathunthu, akulira ndi ukali wa tsabolayo, n'kubisa pansi pa nkhaka. Pamwamba anavindikira lichero lakale.

"Tsopano vuto ndi limodzi, malume. Mwala wa amayi wachepa pa mtondo wotere. Pafunika chinthu cholemera, chaulemu wake, ndipo chikhale cha m'banja momwe muno. Mlendo akatsindira, achali amasasa."

"Ukufunanso yani ine ndilipo?"

Nguluwe anakwera, natembenuka, nakhala. Fwatha! Matako analowa mumtondo ngati anachita kuyeza.

"Masiku atatu, malume. Mukanyamuka pang'ono pokha, zonse zaonongeka."

Tsiku loyamba madzi amchere anayamba kukwera m'mipata ya lichero.

"Wapsa kodi, mphwanga?"

"Akadali, malume. Khalani."

"Koma pansi pano pakunyerenyetsa."

"Ndiye kuyamba kukoma kumeneko."

Tsiku lachiwiri dzuwa linatentha, kambuzi anadzuka. Nguluwe anayamba kuvina atakhala, mchira uli njenjenje.

"Wapsa kodi, mphwanga?"

"Akadali, malume. Khalani."

"Mlongo wanga ankathira chiyani muno? Makala?"

"Simukudziwa inu mlongo wake? Ine ndimayesa munakulira limodzi."

"Ndikudziwa, ndikudziwa! Ndimangokuyesa."

Tsiku lachitatu Nguluwe analira, ndipo ulendo uno misozi inali yeniyeni, yotsika mbali zonse ziwiri. Sakhwi anaiona, mumtima nati, imeneyi ndi ija munawamana amayi kumanda, itulutseni yonse.

"Wapsa kodi, mphwanga? Ndikupempha, wapsa?"

"Mpaka dzuwa lipendeke, malume. Khalani."

Dzuwa silinapendeke. Nguluwe anakuwa, "Ndapsa ndine!" Zwi! Anazuka, mtondo khuu pansi, iye liwiro mpaka kukhwawa, m'matope thibvu! N'chifukwa chake mpaka lero nguluwe ikaona matope imayamba kulowetsa kumbuyo.

Sakhwi anaseka, anaseka, anagubuduka pafumbi. Anatembenukira kukhomo kuti anene, "Amayi, mwaona?" Pakhomo panalibe munthu. Kuseka kunathera pomwepo. Anatola kachidutswa ka nkhaka katatayika, nalawa, nalavula. Moto wokhawokha. Ngakhale nyerere zinkazungulira patali.

Komabe mtsuko unali wake.

M'mawa mwake anamva mawu aang'ono pabwalo. "Odi kuno."

Anali mayi Nkhono, mnzawo wa amake wa kutsidya kwa khwawa, nyumba yawo ili kumsana, fumbi lili mbuu.

"Mwabwera lero?" anatero Sakhwi, mkwiyo utadzukanso. "Maliro anatha kalekale. Kapena nanunso mukufuna mtsuko?"

"Mwana wanga, uthenga unandipeza tsiku lomwelo, ndipo ndinanyamuka tsiku lomwelo. Sindinaime ngakhale kumwa madzi. Miyendo yako ija sitinapatsidwe tonse."

Sakhwi anagwetsa nkhope, nawayalira mphasa. Mayi Nkhono analira mwakachetechete, nthawi yaitali. Atapukuta maso anayang'ana kudimba.

"Zachikasu zija wazisunga kuti? Zomanga luzi zija."

"Zokhwima zija? Ndinazidula. Amayi anaziiwala."

Nyanga za mayi Nkhono zinalowa mkati, zinatuluka, zinalowanso. "Anaziiwala? Imeneyo ndiyo mbewu, Sakhwi! Nkhaka zimene zija amako anachoka nazo kwawo ali mtsikana. Sizimawawa, sizimafewa mumchere. Chaka ndi chaka ankasankha zabwino n'kuzimanga luzi kuti munthu asazigwire. Sanakuuze?"

"Ankandiitana," anatero Sakhwi. 

Anatola njere m'fumbi, nazitsuka kasanu, nazidzala. Anathirira, anadikira, anathirira, anadikira. Panamera bonongwe. Mchere ndi kambuzi zinali zitapha zonse.

"Kwatsala malo amodzi," anatero mayi Nkhono, amene anali asanabwerere kwawo. "Pobwera ndinadutsa kuseri kwa nyumba ya Nguluwe. Ine ndimayenda pang'onopang'ono, ndiye ndimaona zonse. Mbala ija inkaba m'dimba la amako chaka ndi chaka, n'kumameza ndi njere zomwe. Pamene imakadzithandizira pamera nkhaka za amako, zayanga mpaka pampanda. Zachikasu zilipo."

"Kwa Nguluwe? Atandiona andiponda."

"Ukapita chimanjamanja akupondadi."

Onse awiri anayang'ana kuseri kwa chitseko. 

Sakhwi ananyamula mtsuko, nauika pamphasa, namatula. Fungo linatuluka, nyumba yonse inakhala ngati amake angotuluka kukatunga madzi. Anaotcha mbatata ziwiri. Supuni imodzi anapatsa mayi Nkhono, popeza ndiwo anabwera kudzalira. Supuni ina anaika mkamwa mwake, osameza, akufufuza ndi lilime, mchere wochuluka bwanji, mandimu angati, kodi kowawasa aka n'kachiyani. Lilime linamva kukoma, koma silinamuuze muyeso.

Anavindikira, nasenza, nayenda. Tsiku limenelo sanathamange.

Anapeza Nguluwe ataimirira m'matope, popeza kukhala kunali kusanatheke.

"Malume."

"Ndani malume ako? Iwe ndi ine tifanana pati?"

"Mphuno, malume. Ndabweretsa mtsuko uja. Ndikupempha nkhaka imodzi yachikasu ya kuseri kwanu."

Nguluwe analowetsa mphuno mumtsuko. Khwiii! Kamodzi kokha. Ananyambita m'mbali, nageya.

"Mchere wachepa," anatero. Anapita kuseri, nakankha nkhaka imodzi ndi chiboda, inagubuduka mpaka pamapazi a Sakhwi. "Tenga. Ndipo ukaitsuke, ukudziwa pamene yamera."

Sakhwi anaika nkhakayo mumtsuko wopanda kanthu, nabwerera. Anadzala, zinamera, zinabereka. Chaka ndi chaka amadula, amathira mchere, amatsindira, amalawa, n'kupukusa mutu. Mukadzamuona kutchire ataima, kamphuno kakugwedera uku ndi uku, musamuponye mwala. Akufunafuna chimene chikusowa mu achali wake, ndipo wodziwa anapita.

Nthano yanga yafika pansi pa mtsuko, palibenso chokokota. Amene anasiya mbatata paphulusa akaphule. Ana inu, mukakwiya musalowe m'dimba, mkwiyo umathyola ndi zambewu zomwe. Ndipo inu akuluakulu mwabwera ndi madengu opanda kanthu, musanakhale pa katundu wa malemu, yambani mwafunsa chimene chili pansi pa lichero.