Munthu Amene Analanda Mafayilo Onse Mosadziwa

Panali munthu wina... Tiyanjane, tayandikira kuno, usakweze mawu, wodi yonse ingamve. Kapuyo ika kaye pansi. Mapiritsiwo mwana usamupatse.

Panali munthu wina, ankasamalira makompyuta pa chipatala china. Anandiuza ndi alamu, ine zamakompyuta sindizidziwa, ndingonena mmene ndinamvera. Akuti kumakhala kompyuta imodzi yaikulu, amati seva, m'kachipinda kozizira. Zonse za odwala amasunga mmenemo, m'mafayilo. Ndiye fayilo iliyonse ili ndi mwini wake. Za magazi, eni ake ndi a ku labu. Za mankhwala, a ku famase. Ngati si iwe mwini, sikutsegukira.

Tsiku lina m'mawa fayilo imodzi inamukanira. Imodzi yokha. Iye nkuti, ndingoika dzina langa, ndiikonze, ndibweze. Koma pofulumira chala chinaphonya. Kaya anadina chiyani, kaya anasiya chiyani, kaya. Dzina lake linalowa pa mafayilo onse. Onse!

Palibe chinafufutika, wamva? Zonse zinali momwemo. Koma a ku labu akati atsegule, yakana. A ku famase, yakana. Panja mzere wa amayi, ana otentha thupi kumbuyo. Adokotala akudikira zotsatira za magazi, zotsatirazo zili pomwepo koma sizikuoneka.

Munthu uja thukuta kamukamu. Kuti abweze, sakukumbuka kuti iti inali ya ndani. Mafayilo ake ambirimbiri, mayina ofanafana. Anayamba kungoganizira. Izi mwina ndi za ku labu, nkupereka. Kani zinali za ku famase. Zinthu nkusokonekeratu.

Mnzake wa pantchito anamunong'oneza. "Aise, ingotsegulira aliyense mafayilo onsewo bwana asanamve. Adziwa ndani?"

Iye anati, "Ndiye amene anayezetsa magazi dzulo, zake aziwerenga ndi wa pageti yemwe?"

Anachotsa manja pa kompyutapo. Anapita kwa bwana. "Bwana, ndalakwitsa ndine. Zonse zilipo, koma eni ake ndawasokoneza."

Anamukalipira, iii, anthu akumva. Koma atatha kukalipa, bwanayo anaimba foni ku chipatala china kumene kunali seva yonga yawoyo, yosasokonekera. Kumeneko akuwerenga, iyi mwini wake ndi uje, kuno akubweza. Imodziimodzi. Palibenso zoganizira. Dzuwa litapendeka a ku labu anayesanso, inatseguka. Mzere unayamba kuyenda.

Kaya ntchito anamuchotsa, kaya anamusiya, alamu sananene. Mwina ananena, ine ndaiwala, mutu wanga sukugwira lero.

Tsono iwe, mng'ono wanga. Ndikudziwa sunachite dala. Timapepala tosungira mapiritsi tinanyowa pa loka ya pakati pa mabediyi, iwe nkukhuthulira mapiritsi onse m'kapu imodzi, a mwana wangayu ndi a mwana wa pa bedi ilo. Onse oyera, onse odula pakati. Ukuti awa akuoneka ngati athu. Akuoneka! Ine mayi wake sindikuwazindikira, iwe uwadziwa bwanji? Uyo akudwala chifuwa, wangayu malungo. Tikamumwetsa a mwini, tidzati chiyani?

Zoti titaye kubafa tinene kuti wamwa, ayi, usanenenso zimenezo.

Anesi akalipa, inde. Atichititsa manyazi anthu akuona. Akalipe. Iwo ali ndi ena m'kabati, akayerekeza adziwa kuti awa ndi a ndani. Nyamula kapuyo mmene ilili, usachotsemo ngakhale limodzi. Mayi ake a uyo akabwera kochapa ndiwauza ndekha.

Pita, Tiyanjane. Tamukhudza mwanayu, watenthanso.