Therere la Nangozo ndi Mchere wa Mwandida

Ana inu mwakulira m'mipanda ya njerwa, woyandikana naye nyumba simum'dziwa n'dzina lomwe. Ife tinabadwira m'malaini a esiteti ya tiyi, kumene panalibe wachibale wa mnzake. Khomo ili Ayao, ili Angoni, linalo Alomwe. Chotilumikiza chinali chipande chimodzi chong'aluka pamlomo.

Chipandecho chinali cha mayi anga, Nangozo. Akaphika therere, ankatapako n'kupatsira khomo lina. Wolandirayo, tsiku lake lopeza ndiwo, ankachibweza chili ndi kanthu, kaya nkhwani, kaya timatemba tiwiri. Palibe ankawerengera, koma aliyense ankakumbukira.

Ndiye kunabwera Mwandida ndi mwamuna wake, ochokera ku Chikwawa. Mayi anam'patsira therere. M'mawa chipande chinabwera chotsukidwa bwino, chopanda kanthu. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu, Abiti Sanudi, mnansi wathu wapakamwa pakuthwa, anachikweza padzuwa.

"Anangozo, mwalemba wantchito wotsuka ziwiya eti? Taonani kuwalaku!"

Chinkapweteka anthu n'chakuti Mwandida anali ndi nsupa yodzaza mchere wakwawo, pomwe enafe mchere tinkauona tsiku la malipiro lokha. Atam'funsa, sanabise.

"Kwathu chakudya chimatsata magazi. Mcherewu anandipatsa ndi amayi anga. Ndiugawire anthu osawadziwa n'mfunda womwe?"

Kuyambira pamenepo chipande chinkadumpha khomo lake.

Mvula itafika pachimake, Mwandida anabereka mwana wamkazi. Mwamuna ankachoka m'bandakucha ndi dengu la tiyi, m'nyumba mopanda ndiwo. Mkaka unayamba kuuma. Khandalo linkalira mpaka mawu kusasa, ndipo abale a Mwandida anali kutsidya kwa mitsinje yodzaza.

Tsiku lina mayi anatapa therere. Abiti Sanudi anawaimira pakhomo.

"Mukataye ndiwo kwa wotsuka uja?"

"Mwanayu sanatsuke chipande, Abiti. Ndiyesako kamodzi. Chikabweranso chowala, ndasiya."

Therere linapita. Panadutsa tsiku, zii. Lachiwiri, zii. Lachitatu tinangoona Mwandida akubwera yekha, akugwirira zipupa, chipande atachivundikira ndi tsamba la nthochi. Anagwada pamaso pa mayi n'kuvundukula. Mchere, wodzaza mpaka pamng'alu paja!

"Amayi, abale anga kulira kwa mwanayu sanakumve. Munamva ndinu."

Abiti Sanudi ananyambita chala n'kutomola mcherewo. "Iii, wantchito wanu uja wayamba kulipira abwana!" Anaseka, n'kulowa m'nyumba kukaphikira Mwandida phala la nsinjiro.

Tsiku limenelo mchere uja unayenda khomo ndi khomo, ndipo therere lomwe lija la masiku onse linakoma ngati nyama. Mayi ndiwo anati, "Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana." Mawuwo anatuluka m'malaini n'kufalikira kutali.

Tanthauzo lake ndi ili: ubwenzi wa anthu osakhala pachibale umakhala ndi moyo ngati chabwino chikupita n'kubweranso. Wongolandira amadumphidwa, koma akatembenuka mtima, m'tsegulireni khomo.

Khanda lija linanenepa, linakula, linandinyoza kwa zaka zambiri, kenako linandilola. Ndi agogo anu aakazi aja. Mayi akanapanda kuyesako kamodzi kaja, bwenzi lero ndikufotokozera ndani?