Nkhono ya pamsana pa a Lungudzi

Takhalani chete, ana inu! Mukufuna mathero nkhani isanayambe? Phuma lomweli ndi limene linali ndi Nasibeko, mkazi wa a Lungudzi, osoka nsapato a pamsika paja.

Chaka china a Lungudzi anadwala chibayo choopsa cha kachilombo, mpaka kuchipatala anawaika pa makina opumira, paipi ili kukhosi. Komabe mpweya m'magazi unkangotsika. Dokotala wawo, mayi Msowoya, anabweretsa pabedi pomwepo kachipangizo kounikira mapapo. Ankapaka mafuta oterera pakhungu n'kumakayendetsa pang'onopang'ono, kakusiya kanjira konyezimira. Nasibeko anangokatcha nkhono.

"Mayi, taonani," anatero dokotala akuloza pakanema. "Poyera apa ndi madzi. Adikha kumsana poti bambowa agona chagada. Tiwagoneka chafufumimba kuti mapapo akumbuyo atseguke."

"Chafufumimba, munthu wodwala? Kodi mwawataya kale, adokotala?"

Anamwino anasonkhana, wina atagwira mutu ndi paipi, n'kuwatembenuza mosamala. Ndiye tsoka ilo, manambala a mpweya anayamba atsika kaye. Nasibeko anakuwa: "Mayo ine! Abwezeni! Nkhono yanuyo ilibe maso, mundiphera mwamuna!"

Dokotala sanatekeseke. "Maso ili nawo, mayi, koma siionetsa kwa waphuma. Tikawabweza pano, tawabwezera m'madzi momwe muja. Ine ndili pompano, sindichoka. Khalani apa muwagwire dzanja."

Nasibeko anakhala, misozi ili chuchuchu. Kunena zoona, ngakhale ine ndikanachita mantha. Dzuwa litapendeka, dokotala anayendetsanso nkhono ija pamsana. Poyera paja panali patayamba kuchepa, mpweya ukulowa malo amene unkakanika. Manambala anakwera, ndipo milomo ya a Lungudzi, imene inali itada bii, inabwerera mwakale.

"Aa, ndawaona maso aja," ananong'ona Nasibeko.

A Lungudzi anachira, ndipo nsapato ndavalazi anasoka ndi iwo. Kuyambira pamenepo, wina akamapupuluma, Nasibeko ankati: "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhono mukaigwedeza imabisala m'chigoba. Chimodzimodzi chinthu chabwino: chikayambika, musachisokoneze chifukwa choti sichinaoneke msanga. Dokotala uja akanamvera phuma la Nasibeko, bwenzi lero ndikuyenda chosavala nsapato, iye ali wamasiye.