Mpata wa Phiri la Chingoma

Kalekale, nkhondo itabuka m'malire a dziko lina, anthu mazana atatu anathawira pamwamba pa phiri la Chingoma. Adani anazinga phirilo, ndipo kasupe wa pamwambapo anayamba kuphwa.

Kaputeni Dzanjalimodzi, wa asilikali a dzikolo, ankadziwa mpata wa m'matanthwe umene adani sankaulondera. Anati, "Ndipatseni masiku asanu, ndipo aliyense atseke pakamwa. Ndikawatsitsa onse popanda kuwomba mfuti."

Koma Elube Nkhwekwe, mtolankhani wa pa wailesi, anali atakwera kale mpatawo yekha, chokwawa, makina ojambulira mawu ali kumsana. Atatsika anaulutsa zimene anajambula: ana akupempha madzi ndi mawu osasa. Minibasi zinaima m'misewu, misika inangoti zii, dziko lonse likumvetsera. Chakumapeto kunamveka mayi wina akuti, "Auzeni asilikali adzere mumpata mwadzera inumu."

Nduna yoona za chitetezo, a Chimtokoma, itamva inatulutsa malole, madzi ndi mankhwala, zimene asilikali anakhala akupempha miyezi itatu osayankhidwa. Kenako inaimbira Kaputeni.

"Mupite mawa."

"Bwana, adani nawonso ali ndi wailesi."

"Ndamva. Mupite mawa."

Kutacha, adani anali atabisalira kale pampata. Kaputeni ndi asilikali ake makumi anayi anaima pakati pa matanthwe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zipolopolo zikugwa ngati matalala. Kumbuyo kwawo anthu ankatsika mmodzimmodzi, makanda kumsana, akhungu atagwidwa dzanja. Amene anaona amati phiri lonse linkanjenjemera, koma mzerewo sunaduke. Onse mazana atatu anafika pamalole ali moyo. Asilikali khumi ndi awiri anatsala pamatanthwepo.

Dokotala atawaona anawo anapukusa mutu. "Akanati adikire masiku awiri okha, tikanakumba manda ang'onoang'ono ambiri."

Kaputeni anangoti, "Pakanapanda wailesi, anyamata anga akanabwerera kwawo onse."

Pamaliro a asilikali aja, Nachisale, amene mwamuna wake anafera pampata, anaimirira pamaso pa Kaputeni, Elube ndi nduna ija. M'manja ananyamula kamwana ka mchemwali wake, kamene kanatsitsidwa kuphiriko kali moyo. Anati, "Ndabwera kudzathokoza mmodzi ndi kudzaloza chala mmodzi. Koma sindikudziwa ndani ndi ndani."



Nanga inu mwamvanu, Nachisale agwade pamaso pa yani, ndipo chala aloze yani?