Tabo Yaikulu ya Borko

Malemu Stanimir atatisiya, garaja yawo ya m'munsi mwa phiri inatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi Radojka, mayi wa zikhadabo zakuda ngati wogulitsa makala. Mlongo wake wamng'ono, Borko, anatsala ndi kagalimoto kofiira kampikisano, ndi pakamwa. Injini ya kagalimotoko mdalayo anaimanga yekha chaka chomwe anamwalira, ndipo Radojka ankailera ngati khanda lobadwa masiku osakwana. Ikalira, ankati akumva bambo ake akutsokomola.

Chaka chilichonse mu Juni magalimoto amakwera phirilo imodziimodzi, wotchi ikuwerenga. Msewu wake ndi makona okhaokha, opotana ngati matumbo a nkhosa. Zaka zitatu zotsatizana Borko anakhala wachiwiri. Woyamba anali Milutin, yemwe uja anakwatira Gordana, mkazi amene anamuthawa Borko. Mwamuna akagonja kawiri kwa munthu mmodzi, musamuyembekezere kuganiza ndi mutu.

Tsiku lina m'mawa anatulukira ndi katoni, n'kuiponya patebulo pomwe mlongo wake ankadyera buledi ndi tchizi. M'katimo munali tabo, chija chonga nkhono chimene chimakankhira mpweya mu injini kuti iwonjezere mphamvu. Koma nkhono iyi inali ngati mutu wa mwana wa ng'ombe.

"Achemwali, chomuliza Milutin ndi ichi!"

"Wachotsa pa thirakitala ya ndani?"

"Sekani. Muli mphamvu ya akavalo mazana asanu m'menemu."

"Iwe Borko, takhala pansi. Tabo yaikulu ndi yaulesi, imadzuka mochedwa ngati iwe. Imafuna msewu wautali wowongoka. Phiri lathuli lawongoka pati? Uzituluka pakona iyo ili m'tulo, ikamadzuka kona ina yafika. Tiike yapakatikati, yogalamuka msanga. Komanso mapisitoni a mu injini ya ababa sangapirire mpweya wonsewo."

"Ababa anali amantha. Inunso mwatengera."

Radojka anaika mpeni pansi, buledi osamutha. Anamuuzanso Lachiwiri. Anamuuzanso Lachinayi. Lachisanu Borko anati, "Ngati yakukanikani nenani, ndipite nayo kutauni kwa amuna odziwa ntchito."

Amuna odziwa ntchito! Munthu wagwira sipanala zaka makumi atatu. Radojka anatenga chinkhonocho n'kuchimanga bwinobwino, bawuti iliyonse yothina, kuti mawa pasapezeke wonena kuti anachita dala.

Tsiku la mpikisano anthu anadzaza m'makona, akuwotcha nkhosa, mabotolo a kachasu wa rakija akuyenda dzanja ndi dzanja. Radojka anaima pakona yothina kwambiri, ndipo tsoka la Borko, Gordana nayenso anakhala pomwepo pansi pa ambulera. Milutin anadutsa ngati mavu. Kenako kumunsi kunamveka chimkokomo ngati ndege ikunyamuka. Borko ameneyo! Analowa pakona mwaukatswiri ndithu. Potuluka, galimoto inangoti nyang'anyang'a, ngati ngolo ya abulu yodzaza mchenga.

Mdala wina woledzera, mwendo wa nkhosa uli m'manja, anayamba kuyenda nayo limodzi m'mbali mwa msewu.

"Borko mwanawe, tikukankhe? Kapena tsika udye kaye, phirili silithawa!"

Phiri lonse linafa ndi phwete. Gordana anagwira pakamwa, mapewa akugwedera, ndipo Borko anamuona. Anatsitsa giya, n'kuponda moto mpaka pansi, phazi osalichotsanso. Tabo inadzuka, ndipo inadzuka ndi ukali wonse nthawi imodzi. Galimoto inalumpha ngati yalumidwa ndi njuchi, n'kuthamanga kamtunda kosakwana bwalo la mpira. Kenako phuu! Utsi tolo, oyilo mbwee pamsewu, zii.

Radojka anakwera mtundawo pang'onopang'ono, n'kutsegula boneti. Pambali pa injini panali chibowo choti nkhonya n'kulowa. Anatola ndi kansanza chidutswa cha pisitoni chili chotentha, ndipo anaona kachilembo S komwe bambo ake ankakhoma ndi msomali pa chitsulo chilichonse chodutsa m'manja mwawo.

"Achemwali... ikonzeka?" anatero Borko, mawu atachepa.

"Aikonze ndani? Mwini wake ali kumanda."

"Nanga bwanji simunandiletse?"

"Ndinakuletsa katatu. Kachinayi ndinafuna uone wekha."

Sabata yonse Radojka ankaganiza kuti mawu amenewa adzatsekemera akamadzawanena. Anawawa ngati ndulu. Mkangano anawina, inde, koma injini ya bambo ake inatsika phirilo pa lole, ikudontha ngati nyama yophedwa kumene. Kagalimotoko pano mumaikira nkhuku. Borko salowanso m'garaja, ndipo kumanda kwa bambo awo wina amapita Loweruka, wina Lamulungu.

Ena amati Radojka anauma mtima. Koma akanatani, amumange miyendo? Munthu kaya ndevu zachita imvi, makutu akakhala okongoletsa mutu ndi mwana basi, ndipo mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere m'manja.