Khoma la Mayi Ophika Buledi

Nyumba ya aphunzitsi inali ndi masitepe ataliatali kumaso, ndipo chichitireni ngozi mu Malichi, njinga yawo ya olumala sinkatha kutsika pamenepo. Popita kusukulu ankatulukira kuseri, n'kudutsa pabwalo la mayi ophika buledi, pakati pa uvuni ndi mulu wa nkhuni. Mayiwo ankangosuntha mathireyi.

"Aphunzitsi, mukandipondera mabanzi muwadya onse, ndi fumbi lomwe," ankatero.

Zimenezi sizinamukomere mlamu wawo wa aphunzitsi, kalaliki wa kukhoti wopuma ntchito.

"Alamu, mukuyendera chifundo cha munthu. Chifundo chimasungunuka ngati sopo. Tikasume, khoti lilamule kuti njirayi ndi yanu."

"Koma sanandikanizepo."

"Ndiye mukudikira kuti akukanizeni?"

Mlamuyo anaumirira mpaka aphunzitsi anasaina. Samani inawapeza mayi aja mu Meyi, manja ali mu ufa. Anaiwerenga, naipinda, n'kupitiriza kukanda. Njira sanaitseke, koma nthabwala zinathera pomwepo.

Mlandu unagamulidwa pa 9 Okutobala. Woweruza anati bwalo lonse ndi la mayiwo, ndipo palibe lamulo lowakakamiza kupereka njira kwa munthu amene nyumba yake ili ndi khomo la kumsewu.

Lolemba lotsatira njerwa zinafika, mayi aja nayamba kumangitsa khoma lozungulira bwalo lawo. Aphunzitsi ankaonera pawindo khoma likukwera, mtima uli m'mwamba, poti likatsekeka ndiye kuti uphunzitsi wathera m'nyumba. Mlamu uja phazi lake silinapondenso pakhomopo.

Khoma litayandikira uvuni, mayi aja anamuimitsa mmisiri, natenga tepi yake yoyezera, n'kukagogoda kwa aphunzitsi.

"Ndabwera kudzayeza njinga."

"Mayi, ine nkhope yokuyang'anirani ndilibe."

"Nkhope yanu sindikuifuna, bambo. Ndikufuna kudziwa kutalikirana kwa mateyalawa. Chotsani chigongono."

Pofika Lachisanu pakhomapo panali chipata chachikulu, chopanda loko, pansi pake atatsira simenti yosalala mpaka kumsewu. Mmisiri akutsuka zida zake analephera kuugwira mtima.

"Mayi, miyezi yonseyi mumalimbana kukhoti kuti mudzatsegule nokha?"

"Khoti linafunsidwa kuti malowa ndi a yani, ndipo layankha bwino. Zoti mnzanga azipita bwanji kuntchito silinafunsidwe, ndipo si zake. Akanandilanda njirayi, lero ndikanapereka chiyani?"

Lolemba m'mawa aphunzitsi anadutsa pachipatapo mutu uli pansi. Mayi aja anasuntha thireyi osacheuka.

"Dzutsani mutu, aphunzitsi, mugunda nkhuni zanga."

Woweruza anawapatsa mayiwo ufulu wotseka, ndipo iwo anaugwiritsa ntchito potsegula. Akulu ananena kale: patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha.